AMISIRI A MAKINA OZIZIRITSA: NCHITO IMENE ALIMI AIFUNA

Mlimi amataya cuma cace kawiri. Kutaya koyamba kumacitika m'munda, pamene mvula yakana kapena mbozi zagwa m'cimanga, ndipo kutaya kumeneku aliyense amakuona. Kutaya kwaciwiri kumacitika zinthu zitacoka kale m'munda ndi m'khola: mkaka umene wasasa usanafike kwa ogula, nsomba zimene zanunkha pa njira, matimati amene aola pa msika, ndi katemera wa nkhuku amene watha mphamvu m'thumba la malaya. Kutaya kwaciwiriku ndiko kowawa koposa, pakuti mlimi amakhala atalipira kale zonse, feteleza, mankhwala, galimoto ndi thukuta lace lomwe.

Mdani wa zinthu zonsezi ndi mmodzi, ndiye kutentha. Kuli nchito ya manja yolimbana ndi mdani ameneyu, imene anyamata ndi atsikana amaphunzira ku masukulu a umisiri. Ndiyo nchito yoika, yosamala ndi yokonza mafiriji, zipinda zozizira, makina oziziritsa mpweya wa m'nyumba, ndiponso makina ofunditsa. Anthu ambiri a m'midzi amayesa kuti imeneyi ndi nchito ya m'tauni yokha. Tifuna kulongosolera owerenga athu kuti siziri tero iai, ndi kuwauza zimene mwana amaphunzira pa nchitoyi, kumene angaphunzire, ndi phindu limene mudzi ungapeze.

CIFUKWA NINJI ZAKUDYA ZIMAOLA?

Mu mkaka, m'nyama ndi m'nsomba mumalowa tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Tizirombo timeneti timacokera ku manja a wokama, ku ndowa, ku fumbi ndi ku madzi. Kuswana kwace n'kodabwitsa: kacirombo kamodzi kamadzigawa pakati nikasanduka tiwiri, tiwirito tinai, tinaito tisanu ndi titatu. Pamalo ofunda mitundu ina imagawika motero mphindi 20 ziri zonse. Amene adziwa masamu awerenge yekha: kacirombo kamodzi, katapeza cakudya ndi kufunda kokwanira, kangathe kupitirira 2 miliyoni m'maora 7 okha.

Mkaka umaturuka m'bere la ng'ombe uli wofunda pafupifupi madigiri 37 C, ndipo kufunda kumeneku ndiko tizirombo timakukonda. Koma mkaka ukatsitsidwa kufika pa madigiri 4 C, kuswana kuja kumacedwa kwambiri. Nyama ikaundana kufika pa madigiri 18 pansi pa ziro, tizirombo timaleka kuswana konse, ndipo nyamayo ikhoza kukhala miyezi.

Pano pali cinthu cimene aliyense ayenera kucigwira bwino. Kuzizira sikupha tizirombo, kumangotigoneka tulo. Cakudya cikafundanso, timadzuka ndi kupitiriza nchito yao. Cifukwa cace firiji siingathe kukonza mkaka umene unakamidwira m'ndowa yauve, kapena nsomba imene inayamba kale kununkha. Ukhondo ndiwo uyamba, kuzizira kutsata pambuyo.

CINSINSI CA MTSUKO

Makolo athu anadziwa kale cinsinsi ca firiji, ngakhale sanaciche dzina. Madzi a mu mtsuko wadothi amazizira koposa madzi a m'ndowa yacitsulo. Cifukwa cace n'cakuti mtsuko umatuluka thukuta. Madzi ocepa amadutsa m'dothi, ndipo pouma kunja kwa mtsuko amatenga kutentha kwa madzi a m'kati. Ndi momwemonso thukuta limaziziritsira thupi la munthu wolima, ndi momwe mankhwala aja amene namwino amapaka pa mkono asanabaye jekeseni amamvekera ozizira pamene auma.

Lamulo lace ndi ili: cinthu camadzi cikamasanduka nthunzi cimameza kutentha, ndipo nthunzi ikamabwerera kukhala madzi imalavula kutenthako. Kutentha kumene kumamezedwa sikocepa iai. Kuti madzi owira kale aphwe onse mu mphika, pafunika moto wopitirira kasanu moto umene unawatenthetsa kucokera pa kuzizira kwa ayezi kufikira kuwira.

Madzi amawira pa madigiri 100 C m'mbali mwa nyanja yamcere, ndipo kuno kwathu kumtunda amawira pansi pang'ono pa pamenepo. Koma pali zinthu zina zimene zimawira pozizira kwambiri. Gasi wochedwa R600a amawira pa madigiri pafupifupi 12 pansi pa ziro, R134a pa madigiri 26 pansi pa ziro, ndi ammonia pa madigiri 33 pansi pa ziro. Gasi wotere, ali wamadzi, safuna nkhuni kuti awire. Kufunda kwa mkaka kapena kwa nyama kumamkwanira kukhala moto wace, ndipo powira amakoka kufundako m'cakudya. Motero firiji siipanga kuzizira. Imangonyamula kutentha kucokera m'kati ndi kukataya kunja.

ZIWALO ZINAI ZA FIRIJI

Ciwalo coyamba ndi kompuresa, cimphika cakuda cija ciri kumbuyo kwa firiji cakumunsi, cimene cimalira pang'onopang'ono. Ndiyo mtima wa makina onse. Imakoka nthunzi ya gasi ndi kuipanikiza. Amene anapopapo njinga adziwa kuti pampu imatentha m'manja. Momwemonso gasi wopanikizidwa amatentha.

Caciwiri ndi kondensa, mapaipi akuda okhotakhota a kumbuyo kwa firiji. M'mafiriji ena atsopano anabisidwa m'zipupa za m'mbali, ndipo ndico cifukwa cace zipupazo zimafunda. Gasi wotentha akamadutsa m'menemo, mphepo ya m'nyumba imamlanda kutentha, ndipo iye amasanduka wamadzi.

Cacitatu ndi kapaipi kowonda ngati udzu, kapena valavu pa makina akulu. Gasi wamadzi uja amadutsa movutikira pa khomo lopapatizali, ndipo akaturukira kutsidya, kupanikizika kwace kumagwa mwadzidzidzi.

Cacinai ndi evaporeta, mapaipi a m'kati mwa firiji pamene pamagwira cisanu. M'menemo gasi amawira ndi kumeza kutentha kwa cakudya, nasandukanso nthunzi. Kompuresa imamkokanso, ndipo ulendo uyambiranso. Pali kacipangizo kena koyang'anira, kochedwa thermostat, kamene kamazimitsa kompuresa m'kati mukazizira mokwanira ndi kuiyatsanso mukayamba kufunda.

Firiji ya m'sitolo, thanki yoziziritsa mkaka, cipinda cozizira ca kophera ng'ombe, lole yonyamula nsomba, ndi makina a m'maofesi amene ambiri angoti aircon, zonsezi ziri ndi ziwalo zinai zomwezi. Zisiyana kukula kokha. Mwana amene wamvetsa ulendo wa gasi uwu wagwira muzu wa nchito yonse.

KUMENE NZERU IYI INACOKERA

M'caka ca 1834 Jacob Perkins, munthu wa ku America amene anali kukhala ku London, analembetsa makina oyenda m'njira imene tafotokozayi. M'zaka za m'ma 1850 James Harrison anapanga makina a ayezi ku Geelong, m'dziko la Australia. Koma cimene cinatsegula maso a alimi cinacitika mu 1882, pamene combo cochedwa Dunedin cinanyamula nyama youndana ya nkhosa pafupifupi 5,000 kucokera ku New Zealand, niciyenda masiku 98, ndi kufika nayo ku London iri yabwino. Kufikira nthawi imeneyo cuma cacikulu ca oweta nkhosa a dziko lija cinali ubweya, popeza nyama inalibe msika wokwanira pafupi. Kuyambira pamenepo nyama ndi batala zinakhala cuma ca dziko lao.

Mu 1902 Willis Carrier anakonza makina ocotsa cinyezi mu mpweya pa nyumba ina yosindikizira ku Brooklyn, New York, kumene mapepala anali kufufuma ndi cinyezi. Ndiko kunayambira makina oziziritsa m'nyumba. Mu 1922 ophunzira awiri a ku Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, anapeza njira ya firiji yoyenda ndi lawi la moto popanda kompuresa, ndiyo kholo la mafiriji a parafini amene anasunga mankhwala m'zipatala za m'midzi zaka zambiri. Ndipo Frederick McKinley Jones, munthu wakuda wa ku America amene anadziphunzitsa yekha umakaniko, ndiye anakonza makina oziziritsa a pa malole kumapeto kwa zaka za m'ma 1930.

PAMENE MLIMI AFUNA KUZIZIRA

Mkaka. M'cigawo ca kumwera, ku malo monga Magoye, Monze ndi Choma, alimi ang'ono amatengera mkaka wao pa njinga ku malo osonkhanitsira a kopaletivu. Kumeneko umayesedwa ndi kuthiridwa m'thanki yozizira kufikira lole ya kampani itabwera. Mkaka uyenera kufika pa madigiri 4 C pasanapite maora awiri kapena atatu cikamireni. Kompuresa ya thanki ikafa madzulo, ndipo mmisiri ali ku Lusaka, m'mawa mwace mkaka wa mabanja onse a m'deralo wasanduka cambiko, ndipo kampani siiulandira.

Nsomba. Nsomba imaonongeka msanga koposa nyama ya ng'ombe. Zimene zimawetedwa m'nyanja ya Kariba ku Siavonga zimafika ku Lusaka ziri zaziwisi kaamba ka ayezi ndi malole ozizira. Ayezi ali ndi mphamvu yaikulu: kilo imodzi posungunuka imameza kutentha kokwanira kutsitsa kilo imodzi ya madzi ndi madigiri 80. M'maiko otentha lamulo la asodzi ndi kuika kilo imodzi ya ayezi pa kilo imodzi ya nsomba, mosanjikiza. Amene akumba maiwe a nsomba m'madimba aganizire za ayezi tsiku lokolola lisanafike.

Katemera. Akatemera ambiri a anthu ndi a ziweto ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 C. Akafunda amatha mphamvu, ndipo ena, monga wa kafumbata, amaonongeka akaundana. Coopsya n'cakuti katemera wakufa saoneka ndi maso; botolo limakhala lomwelo. Mlimi amadontheza m'maso mwa nkhuku zace nayesa kuti wazichinjiriza ku citopa, koma citopa cikafika khola lonse lipululuka. Katemera wa cigodola, nthenda ya ng'ombe yobwera ndi nkhupakupa, ndiye wobvuta koposa: amasungidwa mu nitrogen wamadzi, pa madigiri 196 pansi pa ziro. Mtundu wace umene unakonzedwera ng'ombe za kum'mawa unachedwa dzina la Katete, kumene kacirombo kace kanatengedwa.

Za m'dimba. Pano mpofunika nzeru, pakuti mbeu iri yonse iri ndi muyeso wace. Kabici ndi karoti zikonda kuzizira kwa pafupi ndi ziro. Koma matimati osapsya ndi nthoci zimabvulala zikaikidwa pansi pa madigiri 12 kapena 13 C: nthoci zimada makoko, ndipo matimati sapsya bwino. Mmisiri amene angodziwa kuyatsa makina osadziwa mbeu akhoza kuononga katundu wa mlimi ndi kuzizira komwe.

KUFUNDA NAKO KUMAYESEDWA

Nchito iyi siya kuziziritsa kokha. Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21 ngati asungidwa pa madigiri pafupifupi 37.5 C ndi cinyezi coyenera, ndipo makina oswetsa mazira amafuna munthu wodziwa kukonza thermostat ndi fani yace. Anapiye a sabata yoyamba amafuna madigiri 32 kufikira 35 C, ndipo kufundako kumatsitsidwa ndi madigiri atatu sabata iri yonse. M'balani ya fodya wa Virginia moto umayamba pang'ono, pakati pa madigiri 35 ndi 40 C, kuti tsamba licite cikasu, ndipo umakwezedwa pang'onopang'ono kufikira pafupifupi madigiri 70 C poumitsa mitsempha. Wothamangitsa moto amaturutsa fodya wobiriwira amene agwa mtengo pa msika. Mmisiri amaphunziranso kayendedwe ka mpweya, ndipo ndiye angacenjeze mlimi kuti mbaula ya makala m'nyumba ya anapiye yotseka ponseponse imaturutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene ungaphe anapiye ndi mwini wace yemwe.

ZIMENE WOPHUNZIRA AMAPHUNZIRA

Coyamba ndi magetsi, cifukwa zobvuta zambiri za firiji zimayambira pamenepo: waya wopsya, relay yakufa, capacitor yofooka. Wophunzira amadziwa kuwerenga cithunzi ca mawaya ndi kuyesa ndi mita asanamasule kanthu. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, okwanira kupha munthu, ndipo capacitor imasunga mphamvu ngakhale pulagi itazulidwa.

Caciwiri ndi nchito ya mapaipi. Mapaipi ambiri a makinawa ndi a mkuwa, citsulo comwe cija cimakumbidwa ku migodi yathu. Wophunzira amadula, amapinda ndi kuocherera mapaipi ndi moto wa gasi kufikira mfundo zace zisaturutse mpweya ngakhale pang'ono. Pofufuza pobooka amapopera nitrogen m'mapaipi ndi kupaka thobvu la sopo. Saloledwa konse kupopera oxygen, pakuti akakumana ndi mafuta a m'kompuresa amaphulika.

Cacitatu ndi kukoka mpweya ndi cinyezi conse m'mapaipi ndi pampu yace asanathire gasi. Dontho limodzi la madzi likatsala, limaundana pa kapaipi kowonda kaja ndi kutseka njira. Pambuyo pace gasi amathiridwa moyesa pa sikelo, monga mwa kulemera kolembedwa pa cikwangwani ca makinawo. Firiji ya m'nyumba ya R600a imalandira gasi wocepa kwambiri, kawirikawiri wosafika magalamu 100, kotero kuthira mongoganizira ndi kuononga.

Cacinai ndi masamu a kukula kwa makina. Kopaletivu ikafuna cipinda cozizira, mmisiri awerenge kukula kwa cipinda, kucindikala kwa zipupa, kuculuka kwa katundu wolowa tsiku liri lonse, ndi kutentha kwa dera. Makina okwanira ku Lundazi mwezi wa June akhoza kulephera ku cigwa ca Luangwa mwezi wa October, pamene dzuwa limapitirira madigiri 40 C.

Cacisanu ndi mphamvu ya dzuwa. Mu 2024 cirala cinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo m'madera ambiri magetsi anali kuzima nthawi yaikulu ya tsiku. Ogulitsa nyama ndi nsomba anataya katundu, ndipo makompuresa ambiri anapsya kaamba ka magetsi obwera ndi kupita. Pali mafiriji a sola amene safuna batire: usana amaunditsa madzi osungidwa m'zipupa zace, ndipo usiku ayezi ameneyo ndiye amasunga kuzizira. Otere ndiwo aikidwa m'zipatala zambiri za m'midzi, ndipo afuna anthu owadziwa.

Pamwamba pa zonsezi amaphunzira kusunga mabuku, kulemba mtengo wa nchito asanayambe, ndi kulankhula bwino ndi mwini katundu.

MALAMULO A GASI

Gasi wa mafiriji akale, wochedwa R12, anali kuoneka wofatsa, wosayaka ndi wosanunkha. Mu 1974 akatswiri awiri, Mario Molina ndi Sherwood Rowland, anaonetsa kuti gasi wa mtundu umenewu akathawira kumwamba amadya cophimba ca ozone, cimene cimachinga ceza coopsya ca dzuwa. Mu 1987 maiko anapangana ku Montreal, m'dziko la Canada, kuti amleke, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka 2010. Gasi wina wochedwa R22, wa makina akale a m'maofesi, acepetsedwa caka ndi caka kulinga ku 2030. Mu 2016 ku Kigali, m'dziko la Rwanda, maiko anaonjeza panganolo kuti acepetsenso gasi monga R134a, amene sadya ozone koma amaonjeza kutentha kwa dziko. Kuno kwathu oyang'anira malamulo amenewa ndi a bungwe la ZEMA.

Izi zikhudza mmisiri m'njira ziwiri. Poyamba, safunika kutaya gasi wakale mu mphepo. Amamkokera m'botolo lace. Kaciwiri, gasi wa mafiriji ambiri atsopano, R600a ndi R290, ndi wa banja limodzi ndi gasi wophikira, ndipo amayaka. Munthu wosaphunzira amene ayandikiza moto woocherera pa paipi imene ikali ndi gasi wotere aika moyo wace ndi nyumba ya mwini pa ngozi. Amene anaphunzira nchitoyi kale pa mafiriji a R12 afunika kubwerera kukaonjeza maphunziro.

KOPHUNZIRIRA NDI ZA MALIPIRO

Masukulu a umisiri m'dziko lino amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Bungweli ndilo limalembetsa masukulu, limabvomereza maphunziro, ndi kupereka mayeso. Makwerero ace ali motere. Pansi pali Trade Test, ya magawo atatu, kuyambira Level III kukwera kufikira Level I. Imeneyi imathandiza amene sanapite patali ndi sukulu, ndiponso amene anaphunzira nchito pa manja a mmisiri wina ndipo afuna pepala locitira umboni luso lao. Pamwamba pace pali Craft Certificate, kawirikawiri ya zaka ziwiri, ya amene anatsiriza sekondale ndi kukhoza masamu, sayansi ndi Cingerezi. Kupitirira apo pali maphunziro a technician ndi Diploma. Sukulu yodziwika pa nchito ya mafiriji ndi Northern Technical College ya ku Ndola. Akum'mawa angayambe kufunsa ku Chipata Trades Training Institute kuti amve maphunziro amene alipo caka cimeneco. Wotsiriza maphunziro amalembetsanso ku Engineering Institution of Zambia, kumene amisiri a manja ali ndi gawo lao.

Za malipiro, makolo adziwe kuti mu 2022 Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iri yonse, ndipo gawo lina linapatulidwira kulipirira acinyamata osowa amene afuna kuphunzira nchito za manja. Pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya m'wodi mwanu, ndipo mapepala ace afunsidwe kwa khansala kapena ku ofesi ya khonsolo nthawi ikalipo.

Cenjezo lathu ndi ili: musanapereke ngwee imodzi, funsani kuona cikalata cosonyeza kuti sukuluyo inalembedwa ndi TEVETA. Pitani mukaone nyumba yogwiriramo nchito. Muli makompuresa, mageji, pampu ndi moto woocherera? Ophunzira amatumizidwa kukagwira nchito ku makampani asanatsirize? Umisiri suphunziridwa pa bolodi pokha. Akulu anati safunsa anadya phula.

NCHITO IPEZEKA KUTI?

Iri m'makampani a mkaka ndi a nyama, m'masitolo akulu, m'zipatala, m'mabanki, m'mahotela a alendo oona nyama ku Mfuwe, m'mafamu a maluwa ndi ndiwo zotumiza kunja, ndi ku migodi yakuya kumene thanthwe limatentha munthu akamatsika. Koma ife tiyang'ana makamaka pa maboma ang'ono ndi misika ya m'midzi. Kuli konse kumene kwafika waya wa magetsi kapena sola, mafiriji amatsata: wa bucala, wa golosale, wa sitolo ya mankhwala a ziweto, wa amai ogulitsa maheu ozizira. Onsewa adzafa tsiku lina. Mwini akasowa mmisiri pafupi, amakweza firiji pa galimoto ulendo wa makilomita ambiri, kapena amaisandutsa kabati yosungiramo mbale. Mnyamata kapena mtsikana wokhala ndi bokosi la zipangizo ndi njinga, amene akhala pakati pa anthu ace, sadzasowa womuitana, ndipo nthawi ya dzinja akhoza kulimanso munda wace.

KWA AMENE ALI KALE NDI FIRIJI

Gasi wa m'firiji satha monga parafini wa m'nyali. Amangozungulira m'mapaipi otseka zaka ndi zaka. Ngati wacepa, ndiye kuti pena pabooka. Munthu amene angothira gasi osafuna pobookapo adzabweranso mwezi wamawa kudzalandira ndalama zina. Mfunseni akuonetseni pamene panabooka ndi pamene waocherera.

Musagobe cisanu ca m'firiji ndi mpeni; evaporeta ndi yopyapyala, ndipo mafiriji ambiri amafa imfa imeneyi. Zimitsani, tsegulani citseko, cisanu cisungunuke cokha. Siyani mpata wa cikhato cimodzi pakati pa firiji ndi cipupa, ndipo pukutani fumbi pa kondensa. Yesani mphira wa citseko potsekerapo pepala. Likasololoka mosabvuta, mphirayo watha. Magetsi akazima, zulani pulagi, ndipo akabwera dikirani mphindi zisanu musanayatse. Firiji imene yayenda cogona pa ngolo iime ciriri maora angapo isanayatsidwe, kuti mafuta abwerere m'kompuresa.

Amene alibe magetsi asataye mtima. Cigubu ca mkaka cikulungidwe m'saka lonyowa ndi kuikidwa pa mthunzi popita mphepo. Ndiwo zikhoza kusungidwa mu mphika waung'ono woikidwa m'kati mwa waukulu, pakati pace pothira mcenga wonyowa, njira imene mphunzitsi wina wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anafalitsa m'zaka za m'ma 1990. Njirazi zimagwira bwino m'miyezi youma ya August kufikira October, koma zimafooka m'dzinja pamene mpweya uli ndi cinyezi, ndipo sizikwanira kusunga katemera.

MAU KWA MAKOLO NDI MAKOPALETIVU

Makolo ambiri amalakalaka kuti mwana adzakhale pa mpando mu ofesi, ndipo akalephera kupeza malo ku yunivesite amayesa kuti zonse zatha. Koma mipando ya m'maofesi ndi yowerengeka, pamene makina ofuna kukonza aculuka caka ndi caka. Mwana amene amakonda kumasula wailesi ndi toci, amene afunsa cifukwa ca cinthu ciri conse, ndipo saopa masamu, ameneyo ndiye woyenera. Asakhale mnyamata yekha iai. Nchitoyi ifuna maso, kudekha ndi manja osamala koposa mphamvu za m'mapewa, ndipo atsikana amaikhoza monga anzao.

Kwa atsogoleri a makopaletivu tinena kuti: pamene mupempha thanki ya mkaka kapena cipinda cozizira, lembani pa pepala lomwelo dzina la mwana wa m'dera lanu amene mudzamtumiza kukaphunzira kuzisamala, ndipo patulani ndalama pang'ono pa lita iri yonse zogulira zipangizo zikatha. Makina a mtengo wapatali opanda wowakonza amagwira nchito kufikira tsiku la bvuto loyamba, ndipo pambuyo pace amakhala cisa ca mabvu. Nkhani iyi ikambidwe pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu aitanidwe kuti athandize kulemba pempholo.